Kuda kwa Chiwaya Sikugulidwa

Inu ana, ndachita kulemba chifukwa ndikayamba kulankhula mumayang'anana n'kumati agogo atsegula wailesi yawo. Pepala ili mulibe poti mulizimitsire. Muwerenge nonse, koma iwe Tadala uwerenge kawiri, chifukwa ndiwe amene ndinakupeza dzana kuseri kwa khitchini, dzanja ili kawaya kokwechera mapoto, dzanja linalo chiwaya changa cha chapati, sopo ali pambali kudikira. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika, ndikuvomera. Unalira, unaimbira amako foni kuti agogo apenga. Sindinapenge, ndipo sindipepesa.

"Koma agogo, n'chakuda bii, chikuchititsa manyazi," unatero. Manyazi kwa ndani? Inu mumakonda zowala. Mapoto anu a m'tauni ndi opepuka ngati chipewa, chaka chisanathe abooka. Buledi wanu wa m'pulasitiki ukamufinya m'manja amasanduka kampira koponyerana. Zimenezo ndiye zopanda manyazi? Mumatafuna machapati anga Sabata lililonse, mafuta mpaka m'zigongono, osafunsa n'kamodzi komwe kuti zinayamba bwanji kuti nkhalamba yaimuna izimanga chitenje m'chiuno Lachisanu n'kumakanda fulawa. Mumangoseka. Lero mumva, ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti uchitsiru umene umafuna kuchita iwe ndinayamba kuuchita ndine.

Dzina lakuti Tsitsani limene anthu amandiitana si la ubatizo. Ndinalipata pamsika. Ndili mnyamata ndinkakwera basi kupita ku Limbe kukatola zinthu zotha ntchito, maketulo, maloko, nyali, mabelu a njinga. Ndikafika nazo kuno ndinkazikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka ziwale ngati zachokera m'sitolo, n'kukaziyala pageti la esiteti ya tiyi tsiku la peyi. Pogula ndinkalira ngati wamasiye, pogulitsa ndinkalumbira ngati mboni. Ndinagulitsapo ambulera yobooka m'mwezi wa dzuwa, mwiniwake n'kundithokoza. Nzeru yanga yonse inali imodzi: chinthu chikawala, munthu safunsa zambiri.

Agogo anu aakazi, aEsinati, anali wothyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mawa mame asanaume. Ine ndinachokera ku Thekerani kudzawakwatira kuno, pamudzi pawo. Mkamwini, inu ana, mumadziwa kuti n'chiyani? Nyumba umanga ndiwe, denga ufolera ndiwe, koma chako chenicheni ndi bulangete. Ukalakwa amakupindira n'kukuikira panja.

Asanayambe ntchito ya tiyi, agogo anuwo anakhalako ku Limbe, akugwira ntchito m'nyumba ya amwenye ena ogulitsa nsalu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira chapati. Pochoka kudzakwatiwa, adona a m'nyumbamo anawapatsa chiwaya chachitsulo, cholemera, chozungulira, chakuda ndi chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Pamudzi ponse panalibe china chotero.

Ndiye ife a Sabata, othyola tiyi osamumwafe, sitikoleza moto wophikira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka lilowenso tsiku lotsatira. Makomo ena ankadya mkute wozizira, wolimba woti ungagendere galu, kapena chinangwa cha dzulo. Pakhomo pathu ayi. Agogo anu ankaweruka Lachisanu, n'kukanda fulawa, n'kuwamba machapati mulu, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera. Mawa lake pochoka kutchalitchi anali akadali ofewa. Ukang'ambako, n'kuvuulira nandolo, kapena kupakapo peyala ndi kamchere, unkaiwala kuti ndiwe wosauka. Nthochi nazonso zinalipo nthawi imeneyo, mikoko yoti anthu awiri anyamule, osati timatenda timene mukuona leroti. Akulu ampingo ankapeza zifukwa zodutsira pakhomo pathu. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati ndine wophika.

Tsopano panali alamu anga, aNamakhwa, achimwene awo a agogo anu. Anamwalira kalekale, ndipo amati wakufa sanenedwa, koma awa ndiwanena. Munthu wosagwira khasu, wosagwira dengu, ntchito yake kuzungulira makomo a alongo ake nthawi ya chakudya. Sabata limene tinkafuna kukapereka mwana wathu woyamba kutchalitchi kuti adalitsidwe, Joyisi, amako iwe Tadala, tinaitana akulu ampingo ndi apongozi kuti adzadye kwathu. Lachinayi m'mawa aNamakhwa anaima pathandala pathu, manja kumbuyo, akuyang'ana ziwiya.

"Alamu, alendo a ulemu adzadya za pachitsulo ichi?"

"Chatani?"

"Iyayi, sichinatani. Kungoti makomo a anzanu mapoto akuthobwa m'maso. Inu mumawalitsa maketulo a anthu osawadziwa, cha mlongo wanga chili ngati chatoledwa pamoto wa nyumba. Kaya, mwina kwanu ku Thekerani ndi mmene mumadyera."

Kwathu ku Thekerani! Magazi anandikwera. Agogo anu anali kumunda wa tiyi. Ndinabisa chiwayacho m'thumba, chifukwa mwamuna sankaoneka akutsuka ziwiya, n'kutsetsereka nacho kumtsinje, kuseri kwa nthochi. Ndinakwecha, inu ana. Mchenga, phulusa, kenako mwala. Kudako kunali kouma mutu, kunkachoka pang'onopang'ono ngati khungu, koma ine ndani? Dzuwa likupendeka chitsulo chinali mbee, nkhope yanga ikuonekamo, ikumwetulira. Nkhope ya chitsiru sindinaionepo bwino chomwecho.

Pobwerera ndinakumana ndi aJailosi, khukhi wa kunyumba ya manijala, akuchokera kuntchito. Ndinatulutsa chiwaya kuti andiyamikire. Anachitembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ngati ndawaonetsa mtembo.

"Tsitsani, ichi si cha aEsinati?"

"N'chomwecho. Mwachiona kuwala?"

"Wachipha."

"Ndachipha bwanji, ndachitsuka?"

"Lija silinali litsiro, mbuli iwe. Aja anali mafuta a zaka ndi zaka, opsereramo pang'onopang'ono. Ndi amene amaletsa chapati kumata. Apa chilichonse chimene angaikepo chikakamira ngati nkhupakupa. Pita ukagwade."

Akanakhala munthu wina akanapita kukagwada. Ine Tsitsani ndinaganiza kuti ngati ndimatha kusandutsa chakale kukhala chatsopano, ndingalephere bwanji kusandutsa chatsopano kukhala chakale? Ndinapala mwaye kudenga la khitchini, ndinatenga polishi wakuda wa nsapato zanga zakutchalitchi, n'kusakaniza. Ndinapaka, ndinapukuta, ndinapakanso, n'kuchiyanika. Kunena zoona ntchito inaoneka bwino. Ndinachibwezera pathandala n'kukakhala pakhonde ndikuimba nyimbo ya m'buku.

Lachisanu agogo anu anaweruka mochedwa, kusikelo yoyezera tiyi kunali mzere. Anafika akuthamanga, mwana kumsana, anakanda fulawa yense amene tinasungira alendo, anaumba timibulu, anafutukula koyamba ndi botolo. Chiwaya pamoto. Ine ndili chapatali, ndikunamizira kukonza tcheni cha njinga.

Utsi umene unatuluka pamenepo sindidzauiwala. Khitchini yonse inanunkha ngati pokonzera nsapato. Chapati chinamata, atati achitembenuze chinang'ambika, pansi pake pali bii, polishi akuchita thovu m'mbali. Anayesa chachiwiri. Chimodzimodzi. Anapala ndi mpeni, ndipo pansi pa kudako chitsulo chinawala.

"Bambo a Joyisi."

"Wawa."

"Chiwayachi chatani?"

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje lenileni. Ndinati, "Kaya, mwina ndi fulawayo. Fulawa wa masiku ano ngwachinyengo."

Sanakuwe. Anapukuta mpeni uja pachitenje, anayang'ana dzuwa, linali litatsala pang'ono kugwera kuseri kwa mabulugama. Anazimitsa moto. Mawa lake akulu ampingo anadya nthochi zakupsa ndi madzi. Apongozi, amene mwamwambo sindinkayang'anana nawo, tsiku limenelo anandiyang'ana. ANamakhwa ndiwo ankafotokozera aliyense nkhani yonse, akuseka mpaka kutsokomola, osatchulako kuti anayambitsa ndi iwo.

Agogo anu anasunga Sabata mpaka kumapeto, sanandinene liwu limodzi loipa. Lamulungu m'mawa ndinapeza bulangete langa lili panja, lopindidwa bwino, pamwamba pake pali chiwaya ndi kachitini ka polishi.

"Mayi a Joyisi, chifukwa cha chitsulo? Ndikugulirani china, ziwiri kumene!"

"Kukwechako ndikanakhululuka, munkafuna kundichotsa manyazi. Koma mwandipaka polishi m'maso ngati ndine kasitomala wa pageti. Ine mumagona nane nyumba imodzi, bambo a Joyisi. Pitani mukagulitse kwina."

Zina anamalizira m'Chilomwe, ndipo sindizilemba pano.

Ndinakapempha malo kwa aJailosi kumalayini, kunyumba za antchito a esiteti, kogona pansi pafupi ndi chitseko. Ankhoswe anayenda kawiri, anabwerako opanda kanthu. Inali nthawi yokolola. Chimanga chimene ndinalima ndi manja anga chinkalowa m'nkhokwe ine ndikuonera kumsewu. Mwana wanga ndinkamuona Sabata lokha, patali, ali kumbali ya amayi.

Koma mutu wa wamalonda suphunzira msanga. Ndinati kuda kumeneku kulipo kwina, ndikakugula. Ndinagwira nkhuku yanga imodzi, ndinaika chiwaya m'thumba, ndinavala wotchi, n'kukwera basi ya ku Limbe, kufunsira mpaka ndinapeza sitolo ya nsalu ija. Adona aja anali atakalamba, atakhala pampando kuseri kwa kauntala, magalasi pamphuno. Chichewa ankachilankhula kuposa ena a inu.

"Ndiwe mwamuna wa Esinati? Ali bwanji mwana wanga?"

Ndinafotokoza, ndikudumpha za polishi. Ananunkhiza chiwaya chija kamodzi kokha.

"Ndi nsapato yomwe unaphikapo?"

Ndinaulula. Sanaseke. Anachisisita ndi chala, n'kunena kuti chinabwera ndi apongozi awo pa sitima yapamadzi, iwo asanabadwe. Kunena zoona pamenepo ndinafuna pansi patseguke. Komabe ndinayamba ntchito yanga. Ndinati kukhitchini kwawo sikungalephere kukhala china chakuda kale, andigulitse. Ndinaika nkhuku pakauntala. Anapukusa mutu. Ndinavula wotchi. Ndinatchula njinga. Ndinalira za mwana, ndinayamba kutuluka kuti andiitane, monga timachitira. Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha.

"Adona, chilichonse chili ndi mtengo wake."

"Chatsopano chili apo, tenga, ndikutsitsira. Chakuda chija ndi zaka zanga. Ukufuna ndikukulungire zaka m'pepala lanji?"

Kenako anandilowetsa kuseri, kukhitchini, n'kundisambitsa m'manja ngati mwana. Anati polishi ndikamuwotche pamoto waukulu mpaka athe, ndikachitsuke kamodzi kotsiriza, basi sopo asadzachionenso. Ndizipaka mafuta pang'ono ndi kansalu, moto wofatsa, ndiziphikapo, ndizipukuta, ndizichisunga pouma. Anandikanditsa fulawa pomwepo: madzi ofunda, mchere, timafuta, kukanda mpaka aleke kumata m'zala, kumuvundikira apume. Ndikafulumira ankandimenya pamkono ndi mpini wofutukulira.

"Ukuthamangira kuti? Fulawa si kasitomala, sathawa."

Ndinapita kukagula chiwaya. Ndinabwerako nditagula fulawa ndi mafuta m'sitolo ya mphwawo, nkhuku nditaisiya yothokozera. Mpaka lero sindidziwa kuti zinayenda bwanji. Mayi uja akanakhala pageti la esiteti, ine ndikanafa ndi njala.

Lachisanu lotsatira ndinafika kunja kwa mpanda wa nyumba yanga yomwe, ndinaika mafuwa atatu, ndinakoleza moto. Agogo anu anatuluka, mwana m'manja.

"Mukutani pamenepo?"

"Ndikubweza chimene ndinachotsa."

Kenako analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo lawo lofutukulira, n'kundipatsira pamwamba pa mpanda.

"Tsiku limene ndidzapendeke chiwayacho chapati n'kutsetsereka chokha, chosathira mafuta, chosang'ambika, mudzalowe."

"Nanga chikatsetsereka theka, sindingagone pakhonde?"

"Pano si pamsika."

Inu ana, mumadziwa chiperoni cha kuno, kamvula kosatha kaja, nkhungu yoti sungaone mzere wachitatu wa tiyi. Miyezi imeneyo ndinkakhala panja pamenepo Lachisanu lililonse, nkhuni za bulugama zonyowa, utsi m'maso, zala zitauma. Machapati anga oyamba anali ngati mapu a dziko, kwina kokhuthala, kwina kobooka. Ankamata, ndinkapala, ankang'ambika. Amayi opita kumjigo ankachedwa dala pamenepo. Anzanga a pamsika ankafika kudzafunsa ngati ndayamba kuvala diresi. Ndipo aNamakhwa! Munthu uja sanajombe Lachisanu ngakhale limodzi. Ankabwera ndi kampando kawo, n'kukhala mkati mwa mpanda, ine kunja, n'kumatambasula dzanja kudya ong'ambikawo.

"Alamu, musafulumire kuphunzira. Ife zikutikomera chonchi."

Fulawa wanga, amene ndinagulitsira wotchi, kenako belu ndi kaliyala wa njinga, kenako njinga yeniyeniyo, ankathera m'mimba mwa munthu amene anandiponya m'dzenjemo. Ndipo mkamwini sayankha mwini mbumba. Ndinkangoti, "Idyani, alamu."

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Dzuwa litayamba kutentha, kuda kutayamba kugwira pakati, ndinati ndifulumizitse. Ndinathira mafuta ambiri, ndinasonkhezera moto waukulu kuti za miyezi zitheke tsiku limodzi. Zonse zinapserera n'kusupuka ngati nkhanambo. Ndinayambiranso. Tsiku lina ndinapaka mafuta mobisa pansi pa chapati chenichenicho, agogo anu asanafike kudzayesa. Anachinyamula, anachiyang'anitsa padzuwa, chikunyezimira.

"Mwayambanso?"

Analowa m'nyumba, ndipo Lachisanu lotsatira sanatuluke n'komwe. Ndinaphika ndekha, ndinazimitsa moto ndekha. Tsiku limenelo ndinaopa zenizeni, chifukwa ndinamva kuti aNamakhwa ayamba kutchula dzina la kalaliki wina wa kufakitale, wamasiye, wa nyumba ya malata. Joyisi anali atayamba kukwawa, ine osaona. Ndinabwerera kumalayini, ndinakhala pansi, ndinauza aJailosi kuti mwina ndingopita kwathu ku Thekerani.

"Pita," anatero. "Ukawauze kuti unagonja ndi chiwaya."

Kuyambira pamenepo ndinasiya nzeru. Ndinkaphika tsiku lililonse kumalayini, kamodzi kapena kawiri, fulawa akachepa ndinkakazingapo anyezi ngakhale mtedza, kupukuta, kupaka, kusunga. Ndinaleka kuchiyang'ana ngati katundu. Ndinayamba kudziwa kutentha kwake poyandikiza chikhatho, kudziwa fungo la fulawa akapuma mokwanira, kudziwa nthawi yotembenuza timatuza tikayamba kutukuka. Mikono imene inkangodziwa kuloza ndi kulumbira inaphunzira kukanikiza m'mbali ndi kansalu kuti chapati chifufume.

Mvula yoyamba inagwa, tiyi anaphuka, athyoli ankaweruka mochedwa atanyowa mpaka m'mafupa. Lachisanu lina mvula inayamba masana osakata. Ndinazika timitengo, ndinafolera masamba a nthochi pamwamba pa moto, madzi akundiyenderera m'khosi. ANamakhwa anali pakhonde ndi kampando kawo. Agogo anu anafika kuchokera kusikelo, thumba la pulasitiki kumutu, anandidutsa, kenako anaima. Anabwerera, anatuluka kunja kwa mpanda, n'kunjuta pafupi ndi moto wanga. Aka kanali koyamba.

"Ikani ndione."

Ndinafutukula kamodzi, kozungulira bwino. Anagwira chiwaya ndi chala kuti aone ngati chili chouma, anayang'ananso pansi pa mtandawo. Ndinaika. Tinadikira, mvula ikulira pamasamba. Ndinatembenuza. Chinafufuma chonse ngati chikupuma. Agogo anu anakulunga chitenje kudzanja, anagwira chiwaya, anachipendeka pang'ono chabe.

Chinatsetsereka, inu ana. Chinatsika chokha, phe, n'kugwera m'mbale.

ANamakhwa anali atafika kale kumpanda, dzanja lili kutsogolo.

"Achimwene, ichi si chanu," anatero agogo anu osawayang'ana. "Pitani kwanu, alamu anu akufuna malowo."

Anang'amba pakati, theka anadya, theka anandipatsa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachepa. Malizani enawo, mubwere nawo m'nyumba."

Ndinamaliza mulu wonse. Nditafika pakhomo, mbale kudzanja ili, chiwaya kudzanja ili, ndinawapatsira botolo lawo lija, mtima uli mbee kuti ntchito yatha, mwamuna abwerere pakhonde. Sanalilandire.

"Limenelo ndi lanu. Chiwayacho chazolowera dzanja lanu, ine sindichidziwanso. Lachisanu ndi lanu kuyambira lero."

"Lachisanu lililonse? Mayi a Joyisi, tiyeni tikambirane. Limodzi inu, limodzi ine."

"Ayi."

"Chabwino, awiri ine, limodzi inu. Pamenepo ndiye ndadzipweteka."

Anayang'ana kumadzulo, kumene kuwala kunali kutha kuseri kwa mitambo.

"Dzuwa likulowa, bambo a Joyisi. Mulowa kapena mutsala?"

Ine Tsitsani, amene ndinaliza ogulitsa kuyambira ku Limbe mpaka ku Boma, sindinatsitse ngakhale Lachisanu limodzi. Ndinawerama, ndinalowa.